Mmene mungatsenderere kanema wa makamera achitetezo popanda kutaya nkhope ya munthu

Mwini sitolo wina wa ku Kamwala, wogulitsa nsalu ndi zitenje, anandiitana atawerengera katundu wake kumapeto kwa mwezi n'kupeza kuti mabelo awiri asowa. Makamera anali nawo 8, onse akuona bwinobwino, ndipo kabokosi kojambulira kamene kanali pansi pa kauntala kankayatsa nyali yake monga mwa masiku onse. Titakhala pansi kuti tibweze kanema m'mbuyo, tinapeza kuti zakale kwambiri zimene zinatsala pa disiki zinali za masiku 11 apitawo, pamene katunduyo ayenera kuti anatuluka milungu itatu m'mbuyomo. Bamboyo anakhala duu akuyang'ana sikirini, kenako anandifunsa kuti nanga makamera onsewa anawagulira chiyani. Funsolo linandikhudza kwambiri, chifukwa panalibe chilichonse chowonongeka pa makina ake. Chimene chinasowa ndi munthu woti akhale pansi kwa ola limodzi pa tsiku loika makamerawo, asankhe mmene kanema azitsenderedwa asanalembedwe pa disiki. Ntchito ya ola limenelo ndi imene ndikufotokoza pano.

Chithunzi chimodzi cha kamera ya 1080p chili ndi timadontho 1,920 kuchokera kumanzere kufika kumanja ndi 1,080 kuchokera pamwamba kufika pansi, zimene zikutanthauza timadontho 2,073,600. Kadontho kalikonse katatenga ma byte atatu, chithunzi chimodzi chingalemere ma MB opitirira 6, ndipo kamera yojambula zithunzi 25 pa sekondi ingadzaze disiki ya 1 TB maola awiri asanakwane. N'chifukwa chake kanema aliyense amayamba watsenderedwa. Amene anaonererapo belo la salaula likutsegulidwa ku Soweto amadziwa mulu wa zovala umene umatuluka m'kamtolo kamene kanabwera pa wilibala imodzi. Kutsendera kanema kumafanana ndi kumeneko, koma pali kusiyana kumodzi kumene simuyenera kuiwala: malaya otuluka m'belo amakhala athunthu ndipo amangofuna kusita, pamene zimene makina ataya potsendera kanema sizibwereranso ngakhale mutapita naye kwa katswiri wotani.

Njira yakale yotchedwa MJPEG imatsendera chithunzi chilichonse pachokha, ndipo imadya malo ambiri. Njira zimene zinabwera pambuyo pake zimagwiritsa ntchito mfundo yakuti pa geti la nyumba, khoma, mtengo wa mango ndi msewu sizisuntha. Makina amasunga chithunzi chimodzi chathunthu chotchedwa I-frame, ndipo pa zithunzi zotsatira, zotchedwa P-frame, amangolemba zimene zasintha. Njira ya H.264, imene imatchedwanso AVC, inavomerezedwa mu 2003, ndipo inakonzedwa pamodzi ndi bungwe la ITU-T ndi gulu la MPEG. Njira ya H.265 kapena HEVC inatsatira mu 2013, ndi cholinga chakuti kanema wooneka mofanana azitenga pafupifupi theka la malo. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti H.264 imagawa chithunzi m'timabwalo ta timadontho 16 mbali zonse, pamene H.265 ingagwiritse ntchito zigawo zofika pa 64, motero khoma lalikulu lopanda chilichonse limalembedwa ndi mawu ochepa. Kulinso AV1 ya mu 2018 ndi H.266 ya mu 2020, koma pa makina ambiri amene mungagule lero, mayina amene mudzakumane nawo mu menyu ndi H.264 ndi H.265.

Choyamba: lembani zimene mukufuna musanakhudze makina

Tengani pepala, mulembe kamera iliyonse ndi dzina la malo ake, ndipo pambali pake muyankhe mafunso awiri. Funso loyamba ndi lakuti pamatenga masiku angati kuti mudziwe kuti china chake chalakwika. Pa nyumba ya ku Chilenje kapena ku Matero, kuthyoledwa kwa geti kumadziwika m'mawa mwake, choncho milungu iwiri ingakwane. Pa sitolo imene imawerengera katundu kamodzi pa mwezi, masiku 30 ndi osakwanira, chifukwa kuwerengera kwenikweniko ndi kukambirana kumatenganso masiku angapo. Ine ndimalangiza masiku 35 kapena 40.

Funso lachiwiri ndi lakuti kamerayo mukufuna ikuuzeni chiyani. Pali kamera yongosonyeza kuti pabwalo padutsa munthu, ndipo pali kamera imene iyenera kusonyeza kuti munthuyo ndi ndani. Muyezo wa makamera achitetezo wotchedwa IEC 62676-4, monga unatulukira mu 2014, umathandiza pamenepa, chifukwa unawerengera timadontho pa mita imodzi ya malo amene akujambulidwa: timadontho 25 timakwanira kuona kuti pali munthu, 125 kuzindikira munthu amene mumamudziwa kale, ndipo 250 kusonyeza bwino nkhope ya mlendo. Izi zikutanthauza kuti kamera ya 1080p imasonyeza nkhope ya mlendo pokhapokha malo amene ikuona asapitirire mamita 7 ndi theka kuchokera mbali ina kufika ina. Kamera yoikidwa pamwamba pa denga kuti ione bwalo lonse la mamita 30 singakupatseni nkhope, kaya mwasankha njira iti yotsenderera. Chongani pa pepala lanu makamera a pakhomo lolowera, a pamalo olandirira ndalama ndi a pachitseko cha chipinda chosungira katundu. Amenewa ndiwo simudzawaumira malo pa disiki. Otsalawo ndiwo mudzawatsendere kwambiri.

Chachiwiri: dziwani amene akutsendera

Ngati makamera anu amalumikizidwa ndi chingwe chozungulira chonga cha eriyo ya wailesi yakanema, muli ndi DVR, ndipo kutsendera konse kumachitika m'kabokosi kojambulira. Ngati amalumikizidwa ndi chingwe cha netiweki, muli ndi NVR, ndipo kamera iliyonse imatsendera yokha, kabokosi n'kumangolandira ndi kusunga. Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa pa NVR mbali zonse ziwiri ziyenera kumva chinenero chimodzi. Kamera yatsopano ya H.265 yolumikizidwa ku kabokosi kakale kodziwa H.264 yokha imaonetsa mdima kapena uthenga wakuti kanemayo sakuwerengeka. Mukasakaniza makina a makampani osiyana, yang'anani pa katoni kapena m'kabuku kake chizindikiro cha ONVIF, mgwirizano umene anayambitsa a Axis, Bosch ndi Sony mu 2008. Gawo lake lotchedwa Profile T ndi limene limaphatikiza H.265.

Chachitatu: sankhani njira yotsenderera

Lowani mu menyu ya kabokosi, mufufuze tsamba limene pa makina ena limalembedwa Encode, pa ena Video kapena Recording Parameters. Mudzaona kuti kamera iliyonse ili ndi mitsinje iwiri, Main Stream ndi Sub Stream. Woyambawo ndi umene umalembedwa pa disiki, ndipo ndi umene tikuyamba nawo.

Ngati kamera ndi kabokosi zonse zimadziwa H.265, sankhani imeneyo, makamaka pa makamera a 4MP ndi a 4K, amene ali ndi timadontho tambiri kuposa a 1080p ndipo pa H.264 amadya disiki mosaneneka. Mtengo wake ndi wakuti kumasula kanema wa H.265 kumafuna mphamvu zambiri, kotero kompyuta yakale ya mu ofesi ingamadodome poonetsa makamera angapo nthawi imodzi, ndipo mapulogalamu ena akale samutsegula n'komwe. Ngati kanema wanu amaoneredwa kawirikawiri pa makompyuta otere, ndipo disiki muli nayo yokwanira, palibe manyazi kukhalabe pa H.264, imene imatseguka pafupifupi pa chipangizo chilichonse.

Mudzaonanso mayina okhala ndi chizindikiro chophatikiza, monga H.264+ ndi H.265+ pa makina a Hikvision, Smart Codec pa a Dahua, Zipstream pa a Axis ndi WiseStream pa a Hanwha. Imeneyi si miyezo yatsopano ya dziko lonse, koma ndi nzeru za kampani iliyonse zoonjezera pa H.264 kapena H.265. Makina amaphunzira mbali za chithunzi zimene sizisuntha, amazitsendera kwambiri, ndipo amatalikitsa nthawi ya pakati pa ma I-frame pamene palibe chikuchitika. Pa kamera yoyang'ana kumbuyo kwa nyumba kapena m'chipinda chosungira katundu chimene chimakhala chotseka usiku wonse, phindu lake ndi lalikulu zedi. Pa kamera yoyang'ana msewu wodzaza anthu ndi mabasi ngati Lumumba Road masana, phindulo limachepa chifukwa chilichonse chikuyenda. Maganizo anga ndi akuti muziyatsa njira zimenezi pa makamera ongoonera malo, koma pa khomo lolowera ndi pa kauntala muziyatsa pokhapokha mutayesa n'kuona ndi maso anu kuti nkhope ya munthu wolowa mofulumira ikuonekabe. Komanso ngati kamera ndi kabokosi ndi za makampani osiyana, yesani kaye pa kamera imodzi kwa tsiku lathunthu musanayatse pa onse.

Chachinayi: zithunzi pa sekondi ndi mpata wa I-frame

Anthu ambiri amasiya Frame Rate pa 25 chifukwa kanema amayenda mosalala ngati wa pa wailesi yakanema. Pa chitetezo, zithunzi 12 mpaka 15 pa sekondi zimakwanira kuona munthu akuyenda, akutsegula chitseko kapena akunyamula katundu. Sungani 20 kapena 25 pamalo owerengera ndalama, pamene manja amayenda mwachangu, ndi pa geti lolowera magalimoto. Koma musaganize kuti kuchepetsa zithunzi ndi theka kumachepetsanso malo ndi theka. Zithunzi zikatalikirana, zosintha pakati pake zimachuluka, motero P-frame iliyonse imalemerako.

Pansi pake pali I-frame Interval, imene makina ena amalemba GOP. Ikani nambala yofanana ndi Frame Rate kapena kuwirikiza kawiri, kuti chithunzi chathunthu chizibwera pa sekondi iliyonse kapena pa masekondi awiri. Mpata ukatalika malo amasungika, koma chingwe kapena netiweki ikadodoma pang'ono n'kutaya kachidutswa ka kanema, zithunzi zonse zotsatira zimaoneka zothimbirira mpaka I-frame ina ifike, ndipo m'masekondi amenewo munthu angathe kulowa ndi kutuluka.

Pa tsamba la chithunzi onetsetsani kuti mwasankha PAL kapena 50 Hz, chifukwa magetsi a ku Zambia kuno ndi a 50 Hz. Kamera yosiyidwa pa 60 Hz imaona nyali za m'sitolo zikuphethira, ndipo makina otsendera amatenga kuphethirako ngati kuyenda, n'kumawononga malo polemba mizere yopanda ntchito.

Chachisanu: bitrate ndi masamu a disiki

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Bitrate ndi kuchuluka kwa zimene kamera imaloledwa kulemba pa sekondi imodzi, imayezedwa mu Mbps, ndipo ndi yokhayo imene imadzaza disiki. Mukasintha H.264 kukhala H.265 koma n'kusiya nambala ya bitrate mmene inalili pa CBR, imene ndi njira ya mlingo wosasintha, simunapulumutse malo ngakhale pang'ono, mwangopeza chithunzi chooneka bwinoko. Ambiri amalakwitsa pamenepa, ndipo amadabwa kuona masiku osungidwa sakuonjezeka.

CBR imatanthauza kuti kamera imalemba mlingo umodzimodzi usana ndi usiku, kaya pali munthu kaya palibe. Ubwino wake ndi wakuti masamu a disiki amakhala otsimikizika, koma zochitika zikachuluka mwadzidzidzi mlingowo umachepa, ndipo chithunzi chimasweka m'timabwalo pa nthawi yeniyeni imene mumachifuna. VBR imalemba pang'ono pamene pali bata ndi kuonjezera pamene pali kuyenda, mpaka malire amene mwaika pa Max Bitrate. Pa makamera ambiri ine ndimasankha VBR, ndimaika Quality pakati kapena pamwamba pang'ono, ndipo malirewo ndimawapatsa mpata wokwanira. Poyambira ndimatenga manambala awa, kenako n'kusintha nditaona chithunzi: kamera ya 1080p pafupifupi 4 Mbps pa H.264 ndi 2 Mbps pa H.265, ya 4MP 3 kapena 4 Mbps pa H.265, ndipo ya 4K pakati pa 6 ndi 8 Mbps pa H.265. Makina ambiri amalemba mu kbps, choncho 2 Mbps mudzaiona ngati 2048.

Nambala imodzi yokha ndi yoti muiloweze pamtima: 1 Mbps yolembedwa usana ndi usiku imatenga 10.8 GB pa tsiku. Phatikizani ma Mbps a makamera onse, chulukitsani ndi 10.8, kenako chulukitsaninso ndi masiku amene munalemba pa pepala lija.

Tiyeni tibwerere ku sitolo ya ku Kamwala ija. Makamera 8, iliyonse pa 4 Mbps, anali kulemba 32 Mbps, kutanthauza 345.6 GB pa tsiku, ndipo disiki ya 4 TB inkadzaza pa masiku 11 ndi theka, n'kuyamba kufufuta zakale. Tinasamukira ku H.265. Makamera atatu ofunika, a pakhomo, pa kauntala ndi pa chitseko cha kumbuyo, tinawapatsa 3 Mbps iliyonse, kupitirira mlingo wa masiku onse, chifukwa kumeneko timafuna nkhope. Asanu otsalawo tinawaika pa 1.5 Mbps ndi zithunzi 12 pa sekondi. Zonse pamodzi zinakwana 16.5 Mbps, kapena 178 GB pa tsiku, ndipo disiki yomweyo inayamba kusunga pafupifupi masiku 22. Masiku anawirikiza, komabe sanafike 35 amene bamboyo ankafuna. Pamenepo panali njira ziwiri, kutsendera mopitirira mpaka nkhope zisanduke phala, kapena kugula disiki yachiwiri ya 4 TB pakuti kabokosiko kanali ndi malo ake. Ndinawauza mosabisa kuti agule disiki, ndipo ndi ziwirizo masiku anapitirira 40. Ndimanena zimenezi kwa aliyense: pali malire amene kutsendera sikungakufikitseni, ndipo mukafika pamenepo ndalama ya disiki ndi yochepa poyerekeza ndi belo limodzi la nsalu.

Pogula disiki, funsani yopangidwira makamera, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk, chifukwa imalembedwa maola 24 tsiku lililonse osapuma. Musadabwe makina akamaonetsa disiki ya 4 TB ngati 3.6 TB. Sanakubereni, koma opanga ndi makina amawerenga mosiyana. Pa masamu anu onjezerani gawo limodzi mwa magawo asanu kuti mukhale ndi mpata wa nyengo ya mvula.

Kujambula pokhapokha pakakhala kuyenda, kumene menyu imati Motion, kumapulumutsa malo ambiri m'zipinda za mkati. Mukakusankha, ikani Pre-record pa masekondi asanu kapena kuposa, kuti muone mmene munthu anafikira. Panja sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mphepo ndi fumbi la mwezi wa Ogasiti zimagwedeza mitengo tsiku lonse, ndipo kamera imangojambula mosalekeza. Pa makamera atatu ofunika aja, ine ndimasiya kujambula kosalekeza nthawi zonse.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani usiku

Zonse zimene mwasankha masana ziyenera kuyesedwa kukada, popeza mavuto ambiri amachitika nthawi imeneyo ndipo ndi pamenenso kutsendera kumavutika. Kuwala kukachepa kamera imadzikweza mphamvu, chithunzi chimadzaza timadontho tonyezimira ngati mchenga, ndipo makina amaganiza kuti chilichonse chikuyenda. Pa VBR malo amadyeka kwambiri, ndipo pa CBR mchengawo umalanda malo amene akanapita ku nkhope.

Chitani chonchi. Pemphani mlonda kapena wachibale kuti cha m'ma 8 koloko usiku alowe pa geti monga mlendo, ayende mwachangu, adutse pa kamera iliyonse yofunika, kenako abwerenso akuthamanga. Inu musayang'ane zimene zikuoneka pompopompo pa sikirini. Pitani ku Playback, mutsegule zimene zalembedwa pa disiki, muimitse kanema pamene nkhope yayang'ana kamera, muikulitse, ndipo mudzifunse ngati munthu wosamudziwa angamuloze pagulu atangoona chithunzi chimenecho. Nkhope ikaoneka yogawikagawika m'timabwalo, vuto ndi bitrate, ikwezeni. Ikaoneka ngati yopakidwa ndi chala, kapena munthu akukoka chithunzithunzi kumbuyo kwake, vuto ndi lina: mwina Shutter ikuchedwa kutseka, mwina DNR, imene imachotsa mchenga uja, yakwezedwa mopitirira. Yesani Shutter ya 1/100 ya sekondi ndi kutsitsa DNR kufika pakati. Chithunzi chidzadako pang'ono, ndipo mankhwala ake ndi nyali yabwino pamwamba pa geti, yowalira kumene munthu amachokera osati m'diso la kamera. Nyali imodzi yotere imakonza chithunzi ndi kuchepetsa bitrate nthawi imodzi, zimene palibe batani la mu menyu lingachite.

Musanatsike pa makwerero, pukutani galasi la kamera ndi kuchotsa ukonde wa kangaude. Kaulusi kamodzi kogwedezeka patsogolo pa nyali za infrared, zimene kamera imaonera mu mdima, kamawala mbee usiku wonse, ndipo kamera imakalemba mokhulupirika mpaka mbandakucha. Mvula yoyamba ikagwa, inswa zimaunjikana pa nyali iliyonse ndipo madontho a mvula amawalanso chimodzimodzi, choncho m'miyezi ya Novembala mpaka Malichi masiku osungidwa pa VBR amatsika. Mpata umene munasiya pa masamu uja ndi wa nyengo imeneyi.

Chachisanu ndi chiwiri: mtsinje wa pa foni

Sub Stream ndi umene foni yanu iyenera kugwiritsa ntchito mukakhala kutali. Iikeni pa chithunzi chaching'ono, zithunzi 10 kapena 12 pa sekondi, ndi 512 kbps kapena kucheperapo, ndipo H.264 ndi yabwino pamenepa kuti ndi mafoni akale omwe athe kutsegula. Kuonera kamera imodzi pa 512 kbps kumadya pafupifupi 230 MB pa ola, pamene pa Main Stream ya 4 Mbps kumadya 1.8 GB pa ola. Amene amagula mabandulo a MTN, Airtel kapena Zamtel aona okha kusiyana kwake, ndipo akumbukire kuti bandulo imadyeka mbali zonse ziwiri, ku rauta ya kusitolo ndi ku foni ya m'thumba. Onaninso kuti kabokosi kakulemba Main Stream pa disiki, chifukwa makina ena amalola kulemba Sub Stream, ndipo wina akasankha zimenezo pofuna masiku ambiri mudzapeza miyezi itatu ya kanema wosazindikirika munthu.

Chachisanu ndi chitatu: magetsi ndi nthawi

Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi a ku Kariba, anthu a mu Lusaka tinakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi, ndipo aliyense anaphunzira kuti kamera yozima sijambula. Lumikizani kabokosi, makamera ndi rauta ku UPS, chipangizo cha batire chimene chimapereka magetsi akazima, kapena ku invata ya sola, osati kabokosi kokha. Kuzima kwadzidzidzi kungawononge fayilo imene inali kulembedwa pa nthawiyo, ndipo kukamachitika tsiku ndi tsiku kumafupikitsa moyo wa disiki. Magetsi akabwera, yang'anani tsiku ndi nthawi pa ngodya ya chithunzi. Kabatire kakang'ono ka m'kati mwa kabokosi kakatha, wotchi imabwerera ku chaka chakale, ndipo kanema wolembedwa tsiku lolakwika ndi wovuta kumupeza komanso wovuta kumukhulupirira. Sankhani GMT+02:00, ndipo ngati pali intaneti yatsani NTP kuti wotchi izidzikonza yokha.

Chachisanu ndi chinayi: tulutsani kanema lero, vuto lisanagwe

Tengani fulashi, muilowetse m'kabokosi, mupite ku Export kapena Backup, ndipo mutulutse mphindi zisanu za kuyesa kwa usiku kuja. Kaitseguleni pa kompyuta ina, makamaka yakale, yonga imene mungaipeze kumene mudzapite ndi dandaulo lanu. Makina ena amatulutsa mafayilo a mtundu wawowawo, monga a .dav pa Dahua, amene amafuna pulogalamu yakeyake, choncho ngati menyu ikulola sankhani MP4, kapena koperani pulogalamu yoonera pa fulashi yomweyo. Pulogalamu yaulere ya VLC imatsegula H.264 ndi H.265 zonse, ndipo ndi bwino kukhala nayo pafupi. Fulashi ya FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, motero kanema wa maola ambiri muzimutulutsa m'zidutswa.

Tsiku limene chinthu chidzachitike, yambani ndi kutulutsa kanemayo musanachite china chilichonse, kuyambira ola limodzi zisanachitike mpaka ola limodzi zitachitika, pa makamera onse osati imodzi yokha, chifukwa disiki siidikira ndipo imafufuta zakale ikadzaza. Ngati makina anu ali ndi Lock, tsekani mafayilowo. Sungani kope limodzi losakhudzidwa, ndipo apolisi muwapatse lina. Musajambule sikirini ndi foni, ndipo musatumize kanemayo pa WhatsApp monga vidiyo wamba, pakuti amatsenderedwanso kachiwiri ndipo nkhope imene munaiteteza movutikira imasungunuka panjira. Ngati palibe njira ina, tumizani ngati Document kuti fayilo ifike mmene ilili.

Kumbukiraninso kuti m'kanemayo muli anthu ambiri osalakwa, makasitomala, ana a sukulu odutsa ndi antchito anu. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limateteza zinthu zimene zimadziwikitsa munthu, choncho ikani chikwangwani chosonyeza kuti pali makamera, musaloze kamera m'bwalo la anansi, sinthani pasiwedi imene makina anabwera nayo, ndipo musathamangire kuika nkhope ya munthu pa Facebook nkhani isanafufuzidwe.

Pakatha masiku 7 chisinthireni zonsezi, bwererani ku kabokosi mutsegule tsamba la Storage kapena HDD. Ngati disiki inali yatsopano, onani malo amene adyeka, mugawe ndi 7, ndipo mudzapeza ma GB enieni a tsiku limodzi, amene pa VBR kawirikawiri amasiyana ndi a pa pepala. Ngati inali yodzaza kale, dikirani mpaka zakale zonse zifufutike, kenako mutsegule kalendala ya mu Playback muwerenge masiku amene ali ndi chizindikiro. Lembani nambalayo, tsiku limene mwawerenga ndi bitrate ya kamera iliyonse pa kapepala, mukamate pamwamba pa kabokosi, ndipo mudzawerengenso mvula ikayamba.